Ziwongolero Zitatu za ku Čačak

Užice,
23 Okutobala.

Okondedwa achemwali anga a Stamena,

Ndakondwa kupeza kampata aka kokulemberani. Kuno tadzuka, kaya inu ku Linz komweko ndi bondo lanu lija. Mafuta opaka amene munatumiza afika, koma akununkha ngati mankhwala a makoswe, ndiye ndimapaka ndikakhala kuti sindikupita kutchalitchi. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Alamu anu makutu ali bwinobwino, foni ikangolira amabwera kudzaima pakhomo la khitchini ngati akufuna madzi akumwa. Pano apita kukametetsa, ndiye ndili ndi ola limodzi. Zolembazi muwerenge mopirira, mukudziwa kuti ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi pamene inu munapitirira.

Tsabola tinawotcha kale, ajvar, ndiwo yathu ya tsabola ija, ali m'mabotolo ndipo anu ndaika padera. Kabichi ndithira mumgolo sabata yamawa. Nkhani zabwino zathera pomwepa, tsopano khalani pansi.

Munamva kuti alamu anu a Budimir anawalanda laisensi mwezi wa Juni. Chimene simunamve n'chakuti amene anawalanditsa ndine.

Musafulumire kundiweruza. Chidwalireni sitiroko ija mu Malichi, aliyense amati achira, chifukwa akuyenda, akudya, akutukwana nyuzipepala ngati kale. Koma wokhala nawo m'nyumba ndine. Ndinayamba kuona kuti akumagunda chitseko ndi phewa lamanzere. Ndikawaikira khofi kudzanja lamanja, amamwa. Ndikaika kumanzere, amakhala duu, kenako n'kufunsa kuti, "Rada, kodi khofi waletsedwa m'nyumba muno?" Ndinawayesa kangapo osawauza. Ndiye tsiku lina tikuchokera kumsika, pamphambano ya kufupi ndi mlatho, mayi wina anatulukira chakumanzere akukankha ngolo ya mwana. Ndinakuwa, iwo n'kuponda buleki. Ngoloyo inaima pafupi ndi nyali ya galimoto moti dzanja silikanalowa pakati. Mukudziwa zimene ananena? "Wachokera kuti ameneyu?" Achemwali, mayiyo anali atavala chijasi chofiira.

M'mawa mwake ndinanama kuti ndikukayezetsa magazi, n'kukafotokoza zonse kwa dokotala wawo. Anawaitana, anawayeza maso, laisensi n'kutsala komweko. Mpaka lero amakhulupirira kuti anakawanenera ndi a Vidoje a kuseri kwa mpanda, aja anakangana nawo za mtengo wa mapulamu, ndipo anasiya kuwapatsa moni. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Koma munthu amene anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi mumsewu wa ku Zlatibor, mvula ndi chipale chofewa chomwe, osaponda ngakhale nkhuku, sangavomere msanga. Anakadandaula, ndipo anawapatsa tsiku loti akawayezenso, pa 14 Novembala. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amalowa m'galaja, kukhala m'galimoto, kuiliza, kupukuta magalasi, kuizimitsa. Ndinawasuzumira tsiku lina ndili kuseri kwa zovala zoyanika, ndinawaona akuphunzira kutembenuza mutu msangamsanga ngati nkhuku yoona mphamba. Mantha anga ndi amenewo. Munthu wochenjera ngati ameneyu akhoza kukawapusitsa madokotala kwa theka la ola, koma mwana wa m'ngolo sadziwa kuti pali chidindo cha madokotala.

Ndiye kunabwera Tijana, mwana wa Predrag wathu. Mukumudziwa, tsopano ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amagwira ntchito kuchipatala, kuwongola miyendo ndi manja a anthu amene anafa ziwalo. Akaweruka, m'malo mofuna mwamuna, amakhala pakompyuta kuthamangitsa magalimoto ndi anthu a ku Finland amene sanawaonepo. Lamlungu lina posachedwapa anadya nafe, kenako iye ndi agogo ake anazimiririka. Ndinawapeza m'galaja mitu itagundana pafoni, ndipo nditatsokomola onse awiri anadzidzimuka ngati ndawapeza akuba uchi.

"Agogo, tikufuna kuwagulira agogo aamuna chiwongolero cha masewero," anatero Tijana.

"Cha masewero? Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi?"

"Kuti asamasungulumwe."

"Asungulumwa bwanji ine ndilipo?"

"N'chifukwa chake," anatero alamu anuwo, maso ali pafoni.

Ndinawasiya, koma makutu ndinasiya komweko. Ndinamva a Budimir akulamula kuti iwo safuna chidole. Chikhale ndi zopondera zitatu, kalatchi ikhalepo, magiya akhale a ndodo osati tizitsulo takuseri kwa chiwongolero, ndipo chizizungulira kawiri ndi theka ngati cha galimoto yeniyeni. Achemwali, munthu wongofuna kutaya nthawi safunsa za kalatchi. Ndinadziwa pomwepo kuti akutsegula sukulu yoyendetsa galimoto m'nyumba mwanga kuti manja asaiwale pofika pa 14, ndipo mdzukulu wanga yemwe ndiye mphunzitsi wake. Atanena kuti Loweruka apita ku Čačak kusitolo ina kumene amalola kuyesa usanagule, ndinati nanenso ndikupita.

"Ukatani iwe? Sudziwa ngakhale kumene kuli buleki," anatero a Budimir.

"Ndikufuna ulusi wolukira."

"Ulusi watha mu Užice monse?"

"Wa kuno ndi wabodza, ngati anthu ake."

Tijana ndiye anayendetsa galimoto yathu. Agogo ake anakhala kutsogolo, akuponda pansi ndi phazi lamanja pakona iliyonse mpaka kapeti inakwinyika. Ine ndinali kumbuyo, chikwama pamiyendo, kuwerenga nkhope zawo pagalasi.

Mwini sitoloyo dzina lake ndi Ljubiša, wadazi, wa zaka ngati za Predrag, ndipo anayamba kumwetulira tisanalowe n'komwe. Ine mwamuna womwetulira asanamve chimene wabwerera sindimukhulupirira. Kumbuyo kwa sitolo kunali mipando itatu yotsika ngati ya m'galimoto, uliwonse ndi kanema wake kutsogolo ndi chiwongolero chake. A Budimir ali kalikiliki kuvula jekete, ndinaona Tijana akumukokera Ljubiša pambali, n'kumunong'oneza kanthu. Iye anagwedeza mutu, n'kuyamba kudinadina. Ndinati mumtima, eya, akuwafewetsera kuti nkhalambayi ipambane, ibwerere kunyumba itatupa.

Atayatsa chiwongolero choyamba, chinayamba kuzungulira chokha, kumanja mpaka kumapeto, kumanzere mpaka kumapeto, popanda wochigwira. Ndinadzilemba mtanda.

"Musaope amayi, chikungodziyeza," anatero Ljubiša. Anafotokoza kuti m'kati muli kainjini kamene kamalimbana ndi manja a munthu kuti azimva msewu, matayala akaterereka chiwongolero chimapepuka, akaponda miyala chimanjenjemera. Kusiyana kwa zitatuzo, akuti, n'kwakuti choyamba kainjiniko kamakoka ndi mano a magiya, chachiwiri ndi lamba, chachitatu chiwongolero chinamangidwa painjini penipeni popanda chapakati. Ndinamufunsa kuti chimene amafuna kutigulitsa iyeyo n'chiti, kuti tiyambe kukana chimenecho. Anangoseka.

A Budimir anakhala pampando woyamba, anausuntha kawiri, n'kugwira chiwongolero. "Ichi n'chivundikiro cha poto," anatero, chifukwa n'chaching'ono, cha basi yawo chija chinali ngati lichero. Anakweza dzanja kuti akonze galasi loonera kumbuyo, anagwira mphepo. Nyali zobiriwira zitayaka, magalimoto onse anauluka, iwo n'kutsala. Anadikira kuti msewu uyere, anaponda kalatchi mwaulemu, analowetsa giya yoyamba, n'kunyamuka pang'onopang'ono ngati anyamula mazira ndi azimayi oyembekezera. Anagwira mbali yakumanja osasuntha, ndipo pofika pakona chala chawo chinkafufuza indiketa imene kulibe.

"Agogo, uwu ndi mpikisano, mulibe apolisi muno," anatero Tijana akuseka.

"Asiye athamange. Ndinawaona ambiri otere pa Zlatibor, ndinkawapeza kutsogolo matayala ali m'mwamba."

Koma posakhalitsa magazi anatentha. Anayamba kuponda moto, kusintha magiya osayang'ana, mapewa aja anawongoka. Sindikubisirani, achemwali, ndinaona msana wa mnyamata uja amene munkandiletsa kuti dalaivala sakwatiwa naye munthu wanzeru. Chiwongolerocho chinkalira kuti kho kho kho ngati chigayo cha khofi, iwo osasamala. Anapeza galimoto yomalizira, anaipitirira. Anapeza ina. Kenako msewu unakhotera kumanzere, ndipo kumanzereko kunali galimoto yachikasu, yaikulu bwinobwino pakanema, ine ndemwe ndinaiona. Iwo anakhotera momwemo ngati mulibe kanthu. Chiwongolero chinadumpha m'manja, galimoto yawo n'kuzungulira kukathera mu udzu.

"Chili ndi mpata pakati ichi," anatero. "Ukakhota chimachedwa kumva. Ndiponso phokoso lake munthu sungaganize. Tiyese china."

Chachiwiri, cha lamba chija, chinali chachete, chikopa chake chofewa. Ljubiša anati ambiri amakonda chimenechi chifukwa chimayenda myaa. A Budimir anavomera kuti chiliko bwino, mpaka pamene galimoto yabuluu inawadzera kumanzere pofuna kuwapitirira, iwo n'kuitsekera njira osadziwa. Anayambiranso. Inabwera yoyera, mbali yomweyo, zomwezo.

"Chafewetsa kwambiri, ngati ndikuyendetsa sofa," anatero. "Sichikundiuza kanthu. Lamba ndi wa buluku, osati wa chiwongolero."

Apa m'pamene ndinayamba kukayikira kukayikira kwanga komwe. Ngati anawafewetsera, bwanji magalimoto anali ochuluka ngati tsiku la msika, ndipo bwanji msewu unkangokhotera kumanzere? Ndinamutsina Tijana pamkono, n'kumukokera kuseri kwa mashelefu.

"Unamunong'oneza chiyani wadaziyu?"

"Mukundipweteka, agogo."

"Ndikupweteka zenizeni ukanama."

"Ndinawapempha kuti aike magalimoto ambiri, asankhenso msewu wozungulira chakumanzere."

Ndinamuyang'ana. "Ndiye kuti uli mbali yanga?"

"Sindili mbali ya munthu. Dokotala anawauza, sanamve. Inu mumawauza m'mawa ndi masana, samva. Ndinaganiza kuti mwina chiwongolero achimvera." Kenako anawonjeza motsitsa mawu kuti, "Ndipo ndikudziwa amene anakayezetsa magazi mu Juni osatengedwa magazi. Musaope, sindinena."

Mwana ameneyu watengera inu, achemwali. Amakusekerera mpeni uli m'thumba.

Chachitatu chinali chomangidwa ndi mabawuti pachimango chachitsulo, pambali pake pali batani lalikulu lofiira lozimitsira. Ljubiša anasiya kumwetulira. Anati ichi chili ndi mphamvu moti pathebulo wamba sichikhala, ndipo anachenjeza kuti zala zazikulu zisalowe m'kati mwa chiwongolero, galimoto ikagunda angochisiya, apo ayi chiwathyola dzanja.

"Ukundiphunzitsa ine, mwana iwe?" anatero a Budimir. "Ndinkayendetsa basi ya chiwongolero chouma gwa, iwe ukuyamwa. Chala chachikulu chimakhala kunja, zimenezo tinkaphunzira tsiku loyamba."

Atangonyamuka, nkhope yawo inasintha. "Aa, ichi ndiye chiwongolero," anatero chapansipansi. "Ndikumva mwala uliwonse. Rada, tabwera udzaone, tayala lakumbuyo likufuna kuchoka, ndalimva lisanachoke." Buleki yake akuti imamva kulemera kwa phazi ngati yeniyeni. Anasiyira dala magalimoto ena kuti apite, n'kuzungulira okha kawiri konse, bwinobwino, moti anthu awiri amene ankagula mabatire anabwera kudzaonera. Ndinkaganiza kuti akatuluka muno ndi nkhope imeneyi, ndiye kuti pa 14 sindiwagwira ngakhale ndi unyolo.

Kenako otsogola aja anazungulira n'kuwapeza chakumbuyo. Woyamba anadzera kumanzere. Anagundana, chiwongolero chinalusa ngati galu, iwo anachotsa manja msanga, chinapota chokha mpaka kuima.

"Yambitsanso," anatero a Budimir.

Zinachitikanso, pakona ina.

"Yambitsanso."

Ulendo wachitatu anachita zija ankaphunzira m'galaja. Pofika pakona anatembenuza mutu wonse kumanzere, anaiona galimoto, anaizemba bwinobwino. Ndinamva Tijana akukoka mpweya. Koma mmene mutu umabwerera kutsogolo, galimoto ina inali itaponda buleki pamaso pawo, ndipo analowa kumbuyo kwake ndi liwiro lonse.

Anaika manja pamaondo. Pakanema magalimoto ankangodutsa, wina kumanja wina kumanzere, yawo itaima chopingasa pakati pa msewu. Ogula mabatire aja anachoka mwakachetechete.

"Mwina tichepetse mphamvu pang'ono, bambo," anatero Ljubiša. "Kapena kanemayu tamuyandikitsa kwambiri."

"Chisiye," anatero a Budimir. "Chiwongolerochi chilibe mlandu."

Achemwali, kuchokera ku Užice ndinali nditakonza mawu okwana kudzaza basi. Mumandidziwa. Palibe ngakhale limodzi limene linatuluka. Ndinangotsegula chikwama n'kuyamba kufufuza kanthu kamene sindinataye.

Anadzuka pampandopo movutikira, anakana dzanja la Tijana, anavala jekete n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi. Kenako analoza chiwongolero choyamba chija.

"Undikulungire icho."

Ljubiša anadabwa. "Koma bambo, munati chili ndi mpata, munatinso chimasokosa. Ngati n'kamba ka mtengo, cha lambachi tikhoza kukambirana."

"Ndamva zimene ndinanena. Kulunga."

Pobwerera katoni inakhala kumpando wakutsogolo, atamangirira lamba, iwo anakhala kumbuyo ndi ine. Sanaponde pansi pakona ngakhale imodzi. Tikudutsa pa Požega anandifunsa kuti ulusi uja uli kuti, ndinati wa ku Čačak nawonso ndi wabodza.

Titafika, anafuna kuchimangirira pathebulo la matabwa abwino lija anatisiyira amayi. Pamenepo pakamwa panga panatseguka. Ndinati zomangira zakezo zikangokanda thebulo limenelo, chiwongolero, kompyuta imene Tijana anawabwereka ndi mwini chiwongolero yemwe akagona m'galaja. Analowa kuchipinda, anabwera ndi pepala, analipinda kanayi, n'kuliika pakati pa chomangira ndi thabwa, n'kumanga zolimba.

Inu mukanasiya? Lolemba atapita kukagula buledi, ndinamasula. Inali kalata yowaitanira kokayezedwanso pa 14 ija. Ndinanyowetsa chala n'kupaka pachidindo kuti ndione ngati si yojambulitsa, inki yabuluu inatsala pachala. Ndinaipinda momwe inalili n'kumanganso. Za kalatayo sananene kanthu, inenso sindinafunse. Lachiwiri anauza Tijana kuti atenge galimoto azikhala nayo kwawo kuti batire isafe. Sindikunena kuti ndagona tulo. Munthu akhoza kupita kwa madokotala opanda pepala, ndipo pa 14 ndidzawabisira nsapato zabwino zija kuti ndione ngati adzazifune. Koma m'galaja sanalowemonso.

Tsopano masana aliwonse tikatha kudya, ndimasuntha mbale, iwo n'kukhala kumapeto kwa thebulo. Nyumba yonse kho kho kho, mpaka matambula m'kabati amayankha. Pakapita kanthawi ndimamva chiphokoso cha kugunda, kenako mawu awo.

"Rada, waona zimene chachita chiwongolerochi?"

Ndimayankha ndili kusinki kuti, "N'chachabechabe chimenecho. Wadazi uja anakupusitsani."

"Chili ndi mpata pakati."

"Ndikuumva ndili konkuno."

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu sindinawavomerezepo kanthu, ngakhale za nyengo. Amadziwa kuti ndikunama, inenso ndimadziwa kuti akudziwa, ndipo amayambitsanso mpikisano.

Zopempha zanga ndi izi. Kalatayi mukawerenga muitenthe, musaiike m'Baibulo monga mumachitira, mpongozi wanu amafufuza. Mundiuzenso maganizo anu pa nkhani ya a Vidoje, chifukwa munthuyo akusenza mlandu wanga osadziwa, ndipo dzulo anandithandiza kunyamula thumba la kabichi. Ndinawapatsa botolo la ajvar, anadabwa, ine manyazi anandigwira. Ndikufuna kuulula, koma osati chaka chino.

Slava ya Nikola Woyera, phwando la banja lathu lija, musalephere, bondo kapena ayi. Mukatsika ku Beograd mukwere basi, Tijana adzakuchingamirani kudepoti. Musadzafunse kuti bwanji alamu sanabwere okha monga zaka zonse, ndipo musadzatchule za galimoto. Adzakukhazikani pansi kuti muone mmene amathamangira. Muonere, ndipo akagunda mudzatukwane chiwongolerocho, mawu oti mubwereke ndili nawo ambiri.

Moni kwa ana onse ndi zidzukulu. Alamu anu akupereka moni ngakhale sakudziwa kuti ndalemba, ndikuwamva akutsegula geti. Mukadzalowa m'nyumba muno mudzadzere kudzanja lawo lamanja, kuti adzayambe ndi iwo kukuonani.

Ndine mng'ono wanu,
Radojka